Mwana wanga amangolowa chakumapeto: kodi woponya wolowa m'malo ali ndi tsogolo?

Funso

Ndine mayi wa ku Malawi koma ndikukhala ku Yonkers, pafupi ndi New York. Mwana wanga wa zaka 15 amasewera baseball kusukulu ngati woponya mpira. Chaka chatha ndiye ankayamba magemu, koma chaka chino kochi wati azilowa m'malo chakumapeto. Loweruka ndimasinthitsa shifiti kuntchito, n'kukakhala padzuwa maola awiri, iye n'kuponya mipira 14 basi. Masiku ena salowa n'komwe. Kwathu wokhala pa benchi ndi amene zamukanika. Kochi akuti ndisadandaule chifukwa ngakhale Mariano Rivera ntchito yake inali yomweyi. Rivera ameneyu ndi ndani? Kapena akungondinyengerera?

Yankho

Mayi, kochiyo sakukunamizani, koma wakuuzani mbali yokoma yokha. Ndiyambe ndi yowawayo: inde, mwana wanu amutsitsa. Palibe kochi amene amachotsa mnyamata pa ntchito yoyamba gemu chifukwa choti akuichita bwino. Pali chimene waona. Mwina mnyamatayo amatopa akafika inning (chigawo cha gemu) yachinayi, mwina ali ndi kaponyedwe kamodzi kokha kodalirika moti omenya akakumana naye kachiwiri amakhala atamuzindikira kale. Pafupifupi aliyense amene mumamuona akulowa m'malo mu ligi yaikulu ya MLB anadutsa pakhomo lomweli, ndipo Rivera nayenso anadutsapo. Pamene mwasochera ndi poganiza kuti benchi ya baseball ndi yofanana ndi ya mpira wamiyendo, kumene wolowa mphindi ya 88 amangolowa kukadya nthawi.

Gemu ya akatswiri imakhala ndi ma inning 9, ya kusekondale 7, ndipo pa inning iliyonse woponya amayenera kutulutsa omenya atatu. Amaima pa kachulu koponyerapo mpira, mamita 18.44 kuchokera pamene pali womenya, n'kuponya ndi mphamvu zimene mkono wa munthu sunalengedwere. Woyamba gemu akaponya mipira 90 kapena 100 ndiye kuti watha, ndipo amafunika masiku anayi opuma. Masiku ano ambiri amalekera pa inning ya 5 kapena ya 6. Zotsalazo amamaliza ndi anzake amene amakhala kuseri kwa mpanda, pamalo otchedwa bullpen, kudikira foni yochokera kwa manejala. Timu ya MLB imasewera magemu 162 pa miyezi 6, pafupifupi tsiku lililonse. Pa osewera 26 amene imaloledwa kukhala nawo, oponya sapitirira 13. Oyamba gemu ndi asanu, ena onsewo ndi olowa m'malo. Ndiye kuti iwo ndiwo ambiri.

Nawonso ali ndi maudindo awo. Wapansi kwambiri ndi uja amamuitana gemu itawonongeka kale, timu ikuluza 9-1, kuti akangomaliza ena apume, ngati wotsuka miphika alendo a ukwati atabalalika. Pamwamba pake pali a inning ya 6 ndi ya 7, kenako wa inning ya 8 wolambula njira, ndipo pamwamba penipeni pali wotseka gemu, amene amati closer. Uyu amalowa inning yomaliza timu ikutsogola pang'ono. Ngati mukufuna mnzake ku mpira wathu, ganizirani womenya penate yachisanu. Ena onse agwira ntchito yawo, ndipo iye akaphonya dzina limene lidzamveke m'minibasi mawa ndi lake lokha.

Mariano Rivera anabadwa pa 29 Novembala 1969 ku Panama, ndipo anakulira ku Puerto Caimito, mudzi wa asodzi m'mphepete mwa nyanja ya Pacific. Bambo ake ankayendetsa boti lopha nsomba zing'onozing'ono zonga usipa. Ana a m'mudzimo ankasewera baseball pamchenga, golovesi ya katoni, ndodo ya nthambi ya mtengo, mpira wa zidutswa za ukonde zokulunga ndi tepi. Amene anamangapo chikulunga sangadabwe nazo. Masewero a pamtima pake anali mpira wamiyendo, koma akakolo anamuvuta n'kuusiya. Sukulu sanamalize. Ali ndi zaka 16 anayamba ntchito pa boti la bambo ake, masiku 6 pa sabata. Amalume ake anamwalira atavulala pa boti lomwelo, ndipo patapita nthawi boti linatsala pang'ono kumira iye ali momwemo. Apo ndi pamene anatsanzika usodzi. Maganizo ake anali oti akhale makaniko.

Baseball ankasewera ngati yongosangalala, ndipo sanali woponya n'komwe, anali wotchinga mipira pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu (ma base ndi malo amene womenya amadutsamo pothamanga kuti akagoletse). Herb Raybourn, katswiri wosaka osewera, anamuona pamalo amenewo n'kumudutsa. Chaka chotsatira, woponya wa timu yake zitamukanika pa gemu yofunika, Rivera analowa m'malo mwake, ndipo anzake awiri anachita chidwi mpaka kukauza anthu a New York Yankees. Raybourn anabweranso. Mpira wa mnyamatayo sunali wothamanga, unkangofika makilomita 140 pa ola, koma thupi lake linkayenda mosavutikira ngati madzi. Anasaina pa 17 Febuluwale 1990, ndalama yosainira yosapitirira madola 3,000. Anali ndi zaka 20, pamene anyamata a kumayiko amenewo amene matimu amawalimbirana amasaina ali ndi 16.

Zaka zisanu zotsatira anazithera m'maligi aang'ono, kuyenda pa basi usiku, Chingerezi osachidziwa. Inu amene munafika m'dziko muno muli wamkulu kale mukudziwa kuti tsiku limatalika bwanji ngati palibe wolankhula naye. Mu 1992 anamuchita opaleshoni pachigongono. Chaka chomwecho matimu awiri atsopano, Florida Marlins ndi Colorado Rockies, analoledwa kusankha osewera amene matimu akale sanawateteze. Yankees sinamuteteze, ndipo palibe anamutenga.

Analowa mu MLB pa 23 Meyi 1995 ngati woyamba gemu, motsutsana ndi California Angels. Anamukwapula, sanamalize ngakhale inning yachinayi, ndipo timu inaluza 10-0. Atayamba magemu anayi anamubweza ku ligi yaing'ono tsiku limodzi ndi mnyamata wina wotchedwa Derek Jeter. Akuluakulu anali pa zokambirana zomusinthanitsa ndi David Wells wa Detroit. Kenako kunabwera lipoti loti mpira wake wayamba kuthamanga makilomita oposa 150 pa ola. Gene Michael, amene ankayang'anira zogula ndi kugulitsa osewera, sanakhulupirire mpaka atatsimikiza, ndipo zokambiranazo zinathera pomwepo. Rivera, munthu wopemphera kwambiri, amati ndi Mulungu anachita zimenezo. Komabe chaka chimenecho monga woyamba gemu anali wapakatikati, tsiku lina bwino, tsiku lina ayi. Chimene chinatsegula anthu maso ndi magemu a ndime yochotsana motsutsana ndi Seattle, pamene analowa m'malo n'kuponya ma inning oposa asanu osapereka run (chigoli cha baseball) ngakhale imodzi.

Apa ndi pamene nkhani yake ikukhudza mwana wanu. Woyamba gemu amakumana ndi womenya aliyense katatu, choncho amafunika mitundu itatu kapena inayi ya kaponyedwe, komanso kusunga mphamvu ngati wothamanga mtunda wautali. Wolowa m'malo amakumana ndi womenya kamodzi. Sasunga kanthu, amakhuthula zonse pa mipira 15. Munthu yemweyo, ndi mkono womwewo, akhoza kukhala wamba pa ntchito yoyamba koma woopsa pa yachiwiri. Mu 1996 manejala watsopano Joe Torre ankamulowetsa Rivera pa inning ya 7 ndi ya 8, John Wetteland n'kudzatseka. Anaponya ma inning 107 ndi kachidutswa, n'kutulutsa omenya 130 ndi ma strike okhaokha (womenya amatuluka akalephera katatu kumenya mpira), ndipo Yankees inatenga chikho cha World Series, chachikulu kwambiri mu MLB, koyamba chichokere 1978. Wetteland anapita ku Texas, ndipo mpando wotseka unakhala wa Rivera kuyambira 1997. Anauyamba moipa: pa mipata 6 yoyamba anataya itatu. Torre anamuuza kuti mpando ndi wakebe.

Tsopano za mpira wake uja, poti n'zimene kochi wanu amaganiza akamatchula dzinali. Mu Juni 1997, timu ili ku Detroit, Rivera ankaponyerana mpira ndi mnzake wa ku Panama, Ramiro Mendoza, kungotenthetsa mkono monga mwa masiku onse. Mendoza anayamba kudandaula kuti mpira ukumukhotera ukatsala pang'ono kulowa m'golovesi. Rivera anati sanasinthe kalikonse. Iye ndi mphunzitsi wa oponya, Mel Stottlemyre, analimbana nawo kwa masiku kuti auwongole, poganiza kuti ndi vuto. Unakana, ndipo anangousiya.

Kaponyedwe kameneka amakatcha cutter. Mpira wa baseball uli ndi msoko wotukuka wa ulusi wofiira. Woponya akaika chala cha mkombaphala ndi chapakati mopingasa msokowo n'kuponya mwamphamvu, mpira umapita molunjika. Akasendeza zala ziwirizo pang'ono chabe kumbali, n'kukanikiza kwambiri ndi chapakati, umazungulira mopendekeka: umabwera ngati wolunjika, koma chakumapeto umatsetsereka masentimita angapo. Kuchoka m'dzanja kufika kwa womenya sipatha theka la sekondi, ndiye womenya amayenera kusankhiratu poti amenye mpira udakali panjira. Wa Rivera unkakhota munthu atayamba kale kuzunguza ndodo. Kwa womenya wamanzere unkalowera m'manja n'kugunda ndodo powonda, pafupi ndi pogwirira. Ndodo zake n'zamtengo, ndiye zinkangothyoka. Mu World Series ya 1999, Ryan Klesko wa Atlanta Braves anathyola ndodo zitatu pa ulendo umodzi woima pamaso pa Rivera, mnzake Chipper Jones akuseka pa benchi.

Kwa ine chodabwitsa si kukhotako. Oponya cutter alipo ambiri, ndipo Rivera sankabisa. Roy Halladay wa Toronto atamufunsa mu 2008, anamuonetsa kagwiridwe kake, mpaka malo a zala anajambulidwa ndi cholembera pampira. Chodabwitsa n'chakuti womenya aliyense, ndi aliyense wogulitsa mowa m'bwalomo, ankadziwa chimene chikubwera, ndipo kudziwako sikunkathandiza. Chifukwa chake n'chakuti mpirawo ankauika pamene akufuna, m'mphepete mwenimweni, mkati kapena kunja, osati pakati. Omenya amene ankawapatsa base yaulere chifukwa chophonya malo anali pafupifupi awiri okha pa ma inning 9 alionse. Kayendedwe ka thupi lake kanali kamodzimodzi ali ndi zaka 27 ndiponso ali ndi 43. Anyamata amasirira kukhota kwa mpira chifukwa n'kumene kumaoneka pa vidiyo, koma chimene chinamudyetsa zaka 19 ndi kulunjika.

Muzimva anthu akutchula nambala 652. Amenewo ndi ma save ake, ndipo palibe wina anafikapo. Save ndi chiwerengero chimene anayambitsa mtolankhani wa ku Chicago, Jerome Holtzman, ndipo ligi inachivomereza mu 1969. Mwachidule, woponya amapatsidwa save akamaliza gemu imene timu yake yapambana, atalowa ikutsogola ndi ma run osapitirira atatu n'kuponya inning yathunthu, kapena atalowa wokhoza kufananitsa zigoli ali pafupi, kapena ataponya ma inning atatu omaliza. Akale monga Rollie Fingers ndi Goose Gossage ankalowa paliponse pamene moto wabuka, n'kuponya ma inning awiri kapena atatu. Mike Marshall wa Los Angeles Dodgers mu 1974 analowa m'magemu 106. Zosungira munthu mmodzi inning ya 9 yokha zinakhazikika ku Oakland chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Tony La Russa atasandutsa Dennis Eckersley, amene ntchito yoyamba gemu inali itamuthera, kukhala wotseka.

Ndinene poyera kuti ine chiwerengero chimenechi sindichilemekeza kwambiri. Mu Ogasiti 2007 Texas inagonjetsa Baltimore 30-3, ndipo Wes Littleton analandira save chifukwa anaponya ma inning atatu omaliza. Anapulumutsa chiyani? Choipa kwambiri n'chakuti mamanejala anayamba kutumikira chiwerengerocho. Mu 2016, pa gemu yoti woluza atuluke, Baltimore inagonja ku Toronto pa inning ya 11 pamene Zack Britton, amene chaka chonsecho sanataye save ngakhale imodzi pa 47, ali chikhalire ku bullpen kudikira mpata wa save umene sunafike. Manejala wake anali Buck Showalter, yemweyo amene anali manejala woyamba wa Rivera mu 1995. Choncho mwana wanu akalowa pa inning yachisanu, ma base atadzaza, musaone ngati amunyoza poyerekeza ndi mnzake wa inning yomaliza. Kawirikawiri gemu imapulumukira pamenepo.

Nambala imene ine ndimaidalira ndi ina. Amaitcha ERA, kutanthauza ma run amene woponya amapereka mwa vuto lake pa ma inning 9 alionse. M'nthawi ya Rivera woponya wamba ankakhala pamwamba pa 4. Iye pa moyo wake wonse anali pa 2.21. M'magemu a ndime yochotsana, kumene amakumana ndi matimu amphamvu okhaokha, anasewera magemu 96, ma inning 141, ndipo ERA yake inali 0.70. Ma run otere anapereka 11 okha. Anthu a baseball amakonda kunena kuti amene anapondapo pamwezi, omwe ndi 12, ndi ambiri kuposa pamenepo, ndipo masamu ake ndi oona. Zikho anatenga zisanu: 1996, 1998, 1999, 2000 ndi 2009.

Koma kuti mumvetse ntchito imene mwana wanu wapatsidwa, siyani zikhozo, onani usiku wa pa 4 Novembala 2001 ku Phoenix. Inali gemu ya 7, yomaliza, ya World Series, patangotha milungu yochepa chichitikire chiwembu cha pa 11 Sepitembala, ndipo Yankees inkafuna chikho chachinayi motsatizana. Ikutsogola 2-1, Torre anamulowetsa pa inning ya 8, ndipo atatu amene anatuluka onse anatuluka ndi ma strike. Pa inning ya 9 Mark Grace anamenya n'kufika pa base yoyamba. Wotsatira, Damian Miller, anangogunditsa mpira pansi kuti mnzake asunthe. Mpira unabwera kwa Rivera mwiniwake, munthu wodziwika ndi manja abwino, koma poponyera ku base yachiwiri anaphonya, mpira n'kuthawira kubwalo. Anatulutsa mmodzi. Tony Womack anamenya chakumanja, 2-2. Anagenda Craig Counsell ndi mpira. Ma base onse atatu adzaza, wotuluka mmodzi yekha, ndipo akubwera ndi Luis Gonzalez, amene chaka chimenecho anamenya ma home run (mipira yomenyedwa mpaka kuseri kwa mpanda) 57.

Torre anasendeza otchinga kutsogolo kuti mpira wapansi ukabwera atulutse wothamangira kukagoletsa. Rivera anaponya cutter, ndipo inachita ndendende zimene inkachita masiku onse: inamupana Gonzalez m'manja, mpira n'kuuluka mofooka ngati nkhuku yolumpha mpanda. Unadutsa pamwamba pa Jeter n'kutera kumbuyo kwake, chapafupi ndi pamene akanaima akanapanda kusendezedwa. Arizona Diamondbacks 3, Yankees 2. Waponya bwino, waluza chikho. Ndipo mu World Series yomweyo wotseka wa Arizona, Byung-Hyun Kim wa ku South Korea, mnyamata wa zaka 22, anali atatayitsa magemu awiri motsatizana ku New York, onse atatsala ndi womenya mmodzi kuti amalize.

Rivera anaima m'chipinda chovalira n'kuyankha atolankhani, osaloza chala munthu. Pali kankhani kena kotsatira. Mnzake Enrique Wilson anali ndi tikiti ya ndege ya pa 12 Novembala yopita kwawo ku Dominican Republic, powerengera kuti kukhala chikondwerero cha chikho. Ataluza anasintha n'kunyamuka msanga. Ndege ija inagwa ku Queens itangonyamuka, anthu onse 260 amene anali m'katimo n'kufa. Rivera anauza Wilson kuti kuli bwino kuti analuza, poti mnzake ali moyo. Sindikunena kuti aliyense angaganize chonchi, koma zikukuonetsani pamene munthuyu ankaika baseball m'moyo wake, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake kugonja sikunkamutsatira pakachulu tsiku lotsatira.

Zinamuchitikiranso mu 2004. Atangobwera kumaliro a achibale awiri a mkazi wake amene anafa pa ngozi ya magetsi kunyumba yake ku Panama, analephera kutseka gemu yachinayi ku Boston: anapereka base yaulere kwa Kevin Millar, Dave Roberts anaba base yachiwiri, Bill Mueller n'kumugoletsa. Boston, imene inali kumbuyo 3-0, inapambana magemu anayi motsatizana. Mu Epulo wotsatira ochemerera a Boston anamuombera m'manja momuseka pomuthokoza, iye n'kuvula chipewa akumwetulira. Chaka chimenecho ERA yake inali 1.38, yotsika kuposa zaka zake zonse.

Mapeto ake ndiwadutsa msanga. Mu Sepitembala 2011 anapitirira ma save 601 a Trevor Hoffman. Pa 3 Meyi 2012 ku Kansas City anang'amba mtsempha wa m'bondo akuthamangira mipira pa nthawi yokonzekera, zimene ankachita tsiku lililonse kuti thupi likhale lolimba. Anabwerera mu 2013 ali ndi zaka 43 n'kupeza ma save 44. M'mabwalo amene ankatsanzika ankapempha kukumana ndi ogwira ntchito wamba ndi ochemerera, ndipo Minnesota inamupatsa mpando wopangidwa ndi ndodo zothyoka. Pa gemu yake yomaliza, pa 26 Sepitembala, amene anapita kukamuchotsa pakachulu sanali manejala koma Jeter ndi Andy Pettitte, anzake a paunyamata, ndipo analira paphewa la Pettitte ngati mwana. Anali womaliza kuvala nambala 42, imene ligi inaipumitsa mu 1997 polemekeza Jackie Robinson, amene anatsegulira anthu akuda khomo la MLB. Mu Januwale 2019 atolankhani onse 425 anamuvotera kulowa mu Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a baseball ku Cooperstown, koyamba kuti munthu apeze mavoti onse.

Tsopano mbali imene kochi sanakuuzeni. Rivera anakhala zaka 19 m'timu imodzi, ndipo kuyambira 2008 mpaka 2012 ankalandira madola 15 miliyoni pa chaka. Wolowa m'malo wamba moyo wake suli choncho ngakhale pang'ono. Pa chaka amaponya ma inning 60 kapena 70 okha, ndiye tsiku limodzi loipa limadetsa chaka chonse. Amene waponya ma inning 60 akapereka ma run asanu usiku umodzi, ERA yake ya chaka imakwera ndi 0.75. Matimu amaona oterewa ngati matayala, likaphwa amangosintha. Wachinyamata akaponya masiku awiri motsatizana akhoza kutumizidwa ku ligi yaing'ono osalakwa kanthu, kungoti timu ikufuna mkono wopuma. Malipiro otsikitsitsa a MLB anali madola 740,000 mu 2024, ndalama yambiri ndithu, koma amawerengera masiku amene munthu ali pamwambapo. Mpata wokambirana malipiro umabwera patatha zaka pafupifupi zitatu, ufulu wosankha timu patatha 6, ndipo ambiri safikako.

Chitsanzo chapafupi ndi kwathu ndi Tayler Scott, wobadwira ku Johannesburg, woponya woyamba wa ku South Africa kufika mu MLB. Chicago Cubs inamusankha mu 2011, koma anadikira mpaka 2019 kuti alowe ligi yaikulu ndi Seattle. Chaka chomwecho anapezeka ku Baltimore, kenako ku Hiroshima m'dziko la Japan, kenako San Diego, ndipo mu 2023 mokha anavala yunifolomu ya Dodgers, ya Boston ndi ya Oakland. Chaka chabwino chenicheni anachipeza ku Houston mu 2024, ali ndi zaka 32. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, inde, koma tangoganizani banja likusamuka katatu pa chilimwe chimodzi. Ameneyo ndiye nkhope yeniyeni ya ntchitoyi, ndipo ali m'gulu la amwayi.

Ndiye mwana wanu atani? Pa zaka 15 palibe chimene chatsekeka. Thupi likukulabe, ndipo ndaonapo anyamata amene anali a ku bullpen chaka china n'kudzayamba magemu chaka chotsatira atangotalika ndi kulimba miyendo. Iye mwini, osati inu, apite kwa kochi akafunse funso limodzi: chikusowa n'chiyani kuti ndiyambenso? Akauzidwa kuti ndi kulunjika, ndiye ntchito yake imeneyo. Akauzidwa kuti akufunika kaponyedwe kachiwiri, ine ndikanayamba ndi changeup, mpira wooneka ngati wothamanga koma wobwera mochedwa, osati kuthamangira cutter chifukwa wamva za Rivera. Kumbukirani kuti Rivera anali ndi zaka 27 pamene mpira uja unamupeza, ndipo unapeza munthu wodziwa kale kulunjika.

Muzimuyang'ananso tsiku limene zamuvuta. Ndinaphunzitsapo mnyamata wina wa mkono wabwino kuposa anzake onse, amene atamenyedwa home run yothetsa gemu anatha milungu itatu akuponya mwamantha, kuzemba pakati mpaka kumangopereka ma base aulere. Chimene chinkamupweteka sichinali home run ija, koma ulendo wa pagalimoto wobwerera kunyumba, bambo ake akubwereza nkhaniyo mpaka pageti. Inu tsiku lotere mufunseni ngati ali ndi njala. Za gemu adzayamba yekha.

Pamene mawu anu ayenera kumveka ndi pa chitetezo cha mkono, chifukwa wolowa m'malo ndi amene amaonongeka mosaoneka. Malangizo a Pitch Smart, amene anakonza MLB ndi USA Baseball, amati wa zaka 15 kapena 16 asapitirire mipira 95 pa tsiku; akaponya 31 mpaka 45 apume tsiku limodzi, 46 mpaka 60 masiku awiri, 61 mpaka 75 masiku atatu, kuposa apo masiku anayi. Asaponye m'magemu masiku atatu motsatizana, asapitirire ma inning 100 pa chaka, ndipo pa chaka pakhale miyezi inayi yosaponya pa mpikisano. Opaleshoni ya chigongono imene amaitcha Tommy John, yomwe Dr. Frank Jobe anaichita koyamba mu 1974, imachotsa munthu m'bwalo kwa chaka kapena kuposa, ndipo masiku ano ikuchitika ngakhale pa ana a kusekondale. Ngati akusewera m'timu ina kunja kwa sukulu, makochi awiriwo sauzana. Wowerengera zonse pamodzi ndi inu.

Ndipo mipira 14 mukuiwerengayo si yonse. Imene amaponya ku bullpen pokonzekera silembedwa paliponse. Kochi akamuimika pa inning yachinayi, n'kumukhazika, n'kumuimikanso pa ya 6, mwana akhoza kuponya mipira 40 tsiku limene pepala likunena kuti sanasewere, mawa lake n'kuonedwa ngati wopuma. Loweruka likubwerali musakhale kumbuyo kwa wowakha ndi makolo ena. Tengani mpando wanu ndi ambulera mukakhale cha kumpanda, pafupi ndi bullpen, muziwerenga kuyambira mpira woyamba umene aponye kumeneko. Akaimikidwa kawiri osalowa, lembani tsiku ndi nambala yake, ndipo Lolemba mukamuonetse kochi.